Ngakhale Supuni Imodzi

"Ndiye inu mungokhala phee, bambo a Rasha? Galimoto ya a kanema yaima pakhomo panu, anthu akukudutsani inu mwini nyumba, akukwera masitepe kupita kwa mkazi wa mng'ono wanu, inu muli khale kupota chingwe cha njati yanu yoweta!"

Metwali sanadzutse mutu. "Ndasala kudya ine, amake Rasha. Usandiyambe."

"Nanga ine ndadya? Ndikuti, adilesi ya Ihsan anawapatsa ndani?"

"Mng'ono wanga ali kumanda. Mwana wake akukwatiwa Idi ikangopita, ndipo alibe cholowa nacho m'banja. Anthu abwera kudzathandiza mwana wamasiye, iwe chikukupweteka n'chiyani?"

"Wathuyu sakukwatiwa? Sabrin yekha ndiye ali ndi nkhope yoonetsa pa kanema? Rasha wanga dziko lonse lisamuone chifukwa bambo ake ali moyo?"

"Ndiye ndife kuti mwana wako atchuke?"

Nagat anatsonya, n'kukaima pansi pa masitepe, khutu lili tcheru. Pamwambapo pankamveka nsapato za anthu a ku Cairo zikugogoda pa simenti, ndipo kugogoda kulikonse kunkamubaya.

Pulogalamu ya Khomo la Chifundo ife tonse tinkaidziwa. Mwezi wa Ramadani uliwonse, dzuwa likangolowa, anthu atamasula kusala ndi zipatso za tende, pa kanema pankatulukira bambo wina wa mano oyera ngati mpunga, dzina lake Hazem. Ankagogoda pa nyumba ya munthu wosauka, n'kulira naye, kenako anyamata n'kulowetsa furiji yomangidwa riboni. Tinkaonera zimenezi m'kamwa muli tho ndi nyemba, tikumva chisoni chokoma. Nagat sankaphonya. Ndipo tisabise, sankaonera chifukwa cha chisoni. Ankaonera furijiyo.

Komatu mkazi ameneyu sanali wosowa ayi. Kwathu kuno mwana wamkazi akangosiya kuyamwa, mayi ake amayamba kumugulira shuwari, katundu wodzalowa naye m'banja. Tsiku la shuwari katunduyo amakwera mapikapu n'kuzungulira mudzi, ng'oma zikulira, ndipo anthu sayang'ana mkwatibwi ayi, amayang'ana dzanja la mayi ake. Nagat anayamba ndi mtolo wa masupuni Rasha akukwawa. Mazira a abakha ake, mafuta a mkaka wa njati, zonse zinkasanduka mapoto, matawulo ndi mabulangete. Pansi pa bedi panadzaza, pamwamba pa kabati panadzaza, chipinda cha kumbuyo chinali cha makatoni okhaokha. Koma poopa diso loipa la ansanje, munthu akamufunsa ankangotambasula manja. "Ife tili ndi chiyani, achemwali? Mulungu yekha."

Amene ankadziwa anali Ihsan yekha, chifukwa pokhala m'nyumba ya pamwamba ankamva makatoni akukwekweredwa pansi.

Nsapato zija zinayamba kutsika. Patsogolo panali mayi wina wa magalasi akuda pamutu, foni ili kukhutu, nkhope ili ndwii. Ameneyu anali Madamu Nermin, wokonza pulogalamuyo.

"Sizitheka zimenezi," ankatero pa foni. "Ndamufunsa za mwamuna wake, akuti tithokoze Mulungu. Ndamufunsa za njala, akuti tithokoze Mulungu. Wasesa m'nyumba, wabwereka diresi yabwino, wandiikira maluwa pa tebulo. Maluwa! Ine ndikufuna misozi, iye akundimwetulira. Mtsikanayonso akubisa nkhope."

Nagat sanaganize kawiri. Anadzigwetsa pa sitepe yomaliza, n'kugwira mpango wake ndi manja awiri, kenako n'kutulutsa kulira kumene amalira pa maliro a munthu wolemera. Koma abale, mkazi ameneyu ankadziwa kulira! Madamu Nermin anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Mwatani, mayi?"

"Musandifunse, Madamu. Inenso ndili ndi mwana wokwatiwa. Koma ife ndani angatione?"

"Tadzukani. Mungathe kuliranso chonchi mkuja?"

Analowa m'nyumba ya Nagat. Madamu anaona kanema pakhoma, anaona makatoni akusuzumira pansi pa bedi, anatsegula ngakhale chipinda cha kumbuyo. Nagat anaganiza kuti basi zaonongeka. Koma mlendoyo anangogwedeza mutu.

"Zonsezi zichoke. Chimene kamera sinachione kulibe. Musiye mphasa imodzi ndi ketulo yakale. Mwana wanu asadzole kanthu. Bambowa asakhalepo, akuoneka okhuta."

Metwali atamva anaponya chingwe pansi. "Ukufuna kulanda mwana wamasiye?"

"Ndalanda chiyani? Amukana yekha. Furijiyo ibwerere ku Cairo pomwe m'nyumba muno muli mkwatibwi wina? Ndipo Sabrin tidzamugawira kena kake."

"Ine mkuja ndili ku msika wa ziweto. Zako zimenezo sindikuzidziwa."

Ndi mmene alili amuna athu. Akafuna kuvomera chinthu chonyansa amapita ku msika.

Katunduyo analibe kwina kopita koma pamwamba, kwa Ihsan, chifukwa kukamusungitsa kwa oyandikana nawo kunali kuulula chinsinsi cha zaka zonsezi. Nagat anakwera masitepe ndi mbale ya denje wophikira bakha, akumwetulira.

"Amake Sabrin, mlamu wanga, ndi masiku ochepa chabe."

Ihsan, mayi woonda wosoka zovala za ana a sukulu, anayang'ana mbaleyo, n'kuyang'ana Nagat. "Ndiye akusankhani inu?"

"Sindinawapemphe ine."

"Ndinamva. Masitepewa mawu amakwera." Analandira mbaleyo. "Bweretsani. Malo alipo, chipinda cha Sabrin mulibe kanthu."

Ananyamula okha akazi anayiwo, chitseko cha kumsewu chili chotseka. Sabrin ankasenza nawo makatoni. Katoni ina itang'ambika, panatuluka bulangete la mapikoko, lofewa ngati mwana wa mphaka, ndipo mtsikanayo analisisita kamodzi asanalibwezere. Nagat anaona, ndipo zinamukomera. Kwa nthawi yoyamba munthu wina anali kuona chuma chake n'kumeza malovu.

Rasha yekha ndiye ankang'ung'udza. "Amayi, anzanga akandiona ndidzati chiyani? Nanga bwenzi langa Medhat?"

"Medhat adzamwa madzi ozizira a mu furiji ya zitseko ziwiri. Tseka pakamwa, nyamula."

Tsiku lojambula, Hazem anagogoda pachitseko kangapo konse, chifukwa ulendo woyamba Nagat anatsegula msanga, wachiwiri anaseka. Munthuyo pafupi ankanunkhira mafuta okwera mtengo, ndipo kamera ikazima ankayasamula n'kufunsa nthawi. Kamera ikayaka maso ake ankadzaza madzi pompo. Nagat anamusirira, anaona kuti wakumana ndi mnzake pa ntchito.

"Mayi anga," anatero Hazem atakhala pa mphasa, "ukwati wayandikira. Mwana wanuyu mwamukonzera chiyani?"

"Palibe, bwana. Ngakhale supuni imodzi."

"Imani!" anakuwa Madamu Nermin. "Mawu amenewo ndi abwino. Tibwereze. Koma anthu masiku ano sakhulupirira msanga. Tengani Korani iyo ili pa windo. Dzanja pamwamba pake, mayi."

Apa Nagat anauma. Kunama pakhomo kuopa diso ndi zina, kulumbira pa Buku uli pa kusala ndi zina. Anayang'ana kukhomo. Kunja anyamata anali atatsitsa furiji yaitali kuposa Metwali, riboni yofiira ikuuluzika. Pa masitepe panali Ihsan, atakhala, chibwano chili pa dzanja.

"Ngati simungathe," anatero Madamu akutembenukira ku masitepe, "tiyeserenso amayi apamwamba aja."

Dzanja linapita lokha. "Ndikulumbira pa Buku ili ndi pa kusala kwangaku, mwana wanga alibe ngakhale supuni imodzi."

Analira bwino kwambiri tsiku limenelo. Anapatsidwa furiji, chitofu cha gasi ndi mabulangete awiri, chilichonse chili ndi dzina la kampani ya mafuta ophikira m'zilembo zazikulu zosafufutika. Katundu wake sanamutsitse msanga. Madamu ananena kuti mwina abweranso kudzajambula zina, ndiye nyumba ikhale momwemo.

Pulogalamuyo inatuluka pakati pa mwezi. Nagat anaitana amayi oyandikana nawo, anaphika zotsekemera, anakhala kutsogolo. Koma munthu amene anamuona pa kanemayo sanamukonde. Kulira kwake anakuchedwetsa, n'kuikako chitoliro cha maliro. Mphuno yake inadzaza galasi lonse. Anaonetsa ming'alu ya mapazi ake, anaonetsa ntchentche pa ketulo. Kenako nkhope ya Rasha, itawerama, pansi pake atalemba kuti: mkwatibwi wopanda supuni. Dzanja pa Korani analionetsa kawiri. Asanapume, panabwera mayi wonenepa akukazinga mbatata ndi mafuta a kampani ija.

Amayi aja anadya zotsekemera, anayamikira furiji, n'kutuluka. Kuseka kwawo kunayambira pa ngalande.

M'mawa mwake Rasha anapita kukagula buledi n'kubwera wopanda buledi. Ophika buledi anakana kumulipiritsa, ati ndi sadaka, pamaso pa mzere wonse. Mayi wina anamupatsa supuni yakale atakulunga mu pepala. Mtsikanayo analowa kuchipinda ndipo sanatulukenso kunja.

"Ndi kaduka," anatero Nagat pakhomo pa chipindacho. "Akuwawidwa ndi furiji. Dikira tsiku la shuwari, mapikapu akadzandandalika, tidzaone amene adzaseke."

Asanadikire n'komwe, kunabwera a Hajja Fawzia, mayi ake a Medhat, a ku mudzi wa kutsidya kwa ngalande yaikulu. Anabwera masana, ndi akazi awiri achikulire a kubanja kwawo, onse atavala zakuda. Munthu akabwera ndi mboni ziwiri m'mwezi wosala, pomwe sungamutseke pakamwa ndi tiyi, ndiye kuti zinthu zavuta. Metwali anafuna kuzemba, koma a Hajja anamuloza ndi ndodo kuti akhale.

"Amake Rasha," anayamba, "tsiku limene tinabwera kudzapempha mwana wanu, munandiuza chiyani za shuwari?"

"Ndinati Mulungu adzapereka, a Hajja."

"Ayi. Munandinong'oneza kuti zonse zilipo, mpaka singano. Ine ndinakauza abale anga. Tsopano abale angawo akuonani pa kanema, dzanja lili pa Buku. Mwana wanga ku ntchito akumufunsa ngati azidya ndi zala. Ndabwera ndi funso limodzi. Munanamiza ine, kapena munanamiza Mulungu?"

Nagat anaseka pang'ono, kuseka kouma. "A Hajja, za pa kanema zija mukudziwa inunso, ndi masewera chabe…"

"Korani ija inali ya masewera?"

M'nyumba munangomveka kulira kwa furiji.

"Mvetserani," anatero a Hajja. "Umphawi si manyazi. Ine ndinalowa m'banja ndi bokosi limodzi ndi beseni. Ngati munandinamiza ine chifukwa cha manyazi, ndakukhululukirani, mtsikanayo timutenga ndi zimene ali nazo, zosowa tidzagula ife. Koma ngati m'nyumba muno muli katundu, ndipo munaika dzanja pa Buku muli pa kusala chifukwa cha chibokosi choziziritsira madzichi, ndiye mphete yathu mutibwezere lero. Zidzukulu zanga sizingayamwe m'nyumba yolumbira zabodza."

Chitseko cha chipinda chinali chotseguka pang'ono. Nagat ankaona chala cha phazi la Rasha pansi pake. Anayang'ana mwamuna wake, koma Metwali anali kuwerenga mizere ya pa mphasa.

"Ndife osauka, a Hajja," anatero. "Ndinachita manyazi kukuuzani."

"Chabwino." A Hajja anadzuka mothandizidwa ndi ndodo. Nagat anapuma. Koma gogoyo m'malo molunjika kumsewu analoza masitepe. "Ndikaone amake Sabrin. Sindingafike pa nyumba ya mayi wamasiye osamupatsa moni. Ndiponso wosoka mnzake wina wandiuza kuti masiku ano Ihsan akusokera pakhonde, chifukwa m'nyumba mwake mulibe popondapo."

Anakwera onse. Ihsan anatsegula, nkhope yake osaonetsa kanthu. Makatoni anali mpaka kudenga. Mmodzi wa akazi aja anatsegula katoni yapafupi n'kutulutsa kapu ya mlomo wagolide, winayo anakoka bulangete la mapikoko. Anatsegula ina, anatsegulanso ina, akuyang'ana chilichonse ndi maso amene saiwala.

"Katundu wa mkwatibwi uyu," anatero a Hajja. "Amake Sabrin, ndi wa ndani?"

Ihsan anapinda manja. "Afunseni alamu angawo. Ndi akulu m'nyumba muno."

Ha! Mkazi wofatsa muziopa. Sananame, sanaulule, anangomuponyera mnzake khala la moto m'manja. Nagat anayang'ana katundu wake. Pa kapu imene inali m'manja mwa mlendoyo ankakumbukira tsiku limene anaigula, ndi abakha amene anagulitsa, ndi mvula imene inamunyowetsa pobwerera.

"Ndi wa Sabrin," anatero.

"Wonsewu?"

"Wonse. Mayi ake akhala akusonkhanitsa."

"Mashallah!" A Hajja anagwira Ihsan m'mapewa. "Mayi wamasiye, ndi singano chabe! Ndipo a kanema atabwera munakana kudzichititsa manyazi. Tsiku la shuwari ya Sabrin ine ndidzabwera kudzayala nawo m'makabati, ngakhale si mpongozi wanga. Katundu ameneyu ndikufuna ndidzamuone bwinobwino."

Alendo atapita Nagat anakwera masitepe awiriawiri.

"Mwamva kukoma, eti? Bwanji simunanene kuti ndi wosungitsa wa munthu wina?"

"Ndiname inenso?" anafunsa Ihsan. "Ine sindinapemphe kanthu, amake Rasha. Tsitsani katundu wanu ngakhale pompano. Koma a Hajja aona pikoko aliyense. Akadzamupeza pa bedi la Rasha mudzawauza chiyani?"

"Mwakhala mukumusirira katundu ameneyu!"

"Inde," anatero Ihsan, mawu ake osakwera. "Zaka zonsezi. Inu mukakoka katoni pansipo, ine pamwamba pano tulo tinkatha. Mwana wanga ankandifunsa kuti ifenso tiyamba liti. Ndinkakuchitirani nsanje mpaka kupempha Mulungu andikhululukire. Koma ine sindinakhale pa sitepe panu kudikira alendo anu."

Nagat anathamangira kwa mwamuna wake. Metwali anali kukhola, akutsuka njati.

"Tikagulitse m'tauni mwakachetechete, tigule wina wosiyana!"

"Ndiye tsiku la Sabrin a Hajja adzapeze chipinda chopanda kanthu? Wanena pamaso pa mboni kuti ndi wa mwana wa mng'ono wanga. Kwa nthawi yoyamba pakamwa pakopo patuluka chinthu chabwino. Chisiye chikhale choona."

Idi inafika, inapita. Shuwari ya Sabrin inali Lachinayi, ya Rasha Loweruka. Lachinayi m'mawa mapikapu anandandalika kuyambira pakhomo mpaka pa mzikiti, ndipo makatoni anayamba kutsika masitepe aja, ulendo uno chitseko chili chotsegula, mudzi wonse ukuona. Mapoto anawamangirira pamwamba kuti awale. Bulangete la mapikoko analitambasula pa pikapu yoyamba.

"Taonani dzanja la mayi!" ankatero akazi. "Ihsan ameneyu, phee ngati alibe kanthu! Ena amakalira pa kanema, ena amagwira ntchito."

Mawu amenewa ndiwo anamupweteka Nagat kuposa katunduyo. Chitamando chimene anachidikira kuyambira Rasha ali kumsana chinali kuperekedwa pakhomo pake, pa mapoto ake, kwa mkazi wina.

M'chipwirikitimo anaona katoni yaing'ono ya nsapato pansi pa masitepe. Ankaidziwa. Anaitsegula msanga, n'kutulutsa mtolo wa masupuni aja oyamba, omangidwa ndi kansalu kobiriwira, n'kuubisa pachifuwa. Analowa kuchipinda kwa Rasha n'kutseka.

"Tenga, mwana wanga. Awa a Hajja sanawaone. Ndinagula usanayambe kuyenda. Ubise pansi pa zovala."

Rasha analandira mtolowo, anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavala mpango wake, n'kutsegula chitseko.

"Ukupita kuti?"

"Munalumbira, amayi. Ngakhale imodzi. Ine ndikalowe m'banja ndi lumbiro loona, popeza china ndilibe."

Anatuluka kunja kwa nthawi yoyamba chionekereni pa kanema. Anadutsa pakati pa akazi aja mutu uli mmwamba, n'kukaika masupuniwo m'manja mwa Sabrin, n'kumupsompsona masaya onse awiri.

Ng'oma zinayamba, mapikapu analiza mahutala. "Amake Rasha, nthungululu!" anakuwa mayi wina. "Mwana wa alamu anu akupita, inu mwangoima?"

Nagat anaika dzanja pamwamba pa mlomo. Nthungululu inatuluka, koma pakati inathyoka, n'kusanduka chinthu china. Anakhala pansi pa fumbi pakhomo pake n'kulira, kulira konyansa, kopanda luso, mamina ali chuchuchu, pikapu ya mapikoko ikukhota pa mzikiti. M'moyo mwake anali asanalirepo chonchi.

Akazi aja anatembenuka, anamuyang'ana, kenako mmodzi anagunyuza mnzake ndi chigongono.

"Wayambanso zake zija. Tayang'anani bwino, kamera ili pati?"